Munthu amene anali Rambo komanso Commando kwa Ajeremani

Mphwake wa Rambo:
Akuluakulu, tandithandizani. Usiku wathawu magetsi atazima ndimangoyendayenda pa foni, ndiye ndinakumana ndi kachidutswa ka Commando, paja Schwarzenegger wagwira kamunthu kaja mwendo umodzi pamwamba pa chiphedi. Koma akulankhula Chijeremani. Ine ndinati eya, poti kwawo ndi ku Austria, awa ndiye mawu ake enieni. Kuwerenga zomwe anthu alemba m'munsimo, akuti ayi, ndi munthu wina. Chandizunguza mutu n'chakuti akuti munthu yemweyo ndiyenso amalankhulira Rambo. Amene muli ku Germany, n'zoona zimenezi?

Nankhoma ku Leipzig:
N'zoona achimwene. Dzina lake ndi Thomas Danneberg. Anabadwira ku Berlin pa 2 June 1942, anamwalira pa 30 September 2023 ali ndi zaka 81. Kuno filimu iliyonse yaikulu yochokera kunja amaichotsa mawu n'kuikamo a Chijeremani, ndipo ekita aliyense wotchuka amakhala ndi munthu wakewake womulankhulira zaka ndi zaka. Anthu otere amawatchula kuti Synchronsprecher. Danneberg anali wa Schwarzenegger ndi Stallone, komanso wa John Travolta, Terence Hill, Dan Aykroyd, John Cleese, Nick Nolte ndi Dennis Quaid. Onsewo pakamwa pamodzi.

Ine ndinamudziwa mochedwa. Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye sabata imene imfa yake inamveka ndinapeza mnzanga wa pantchito, bambo wa zaka za m'ma 50, ali ndwii m'kakhitchini, maso ali psuu. Ndinkayesa wataya m'bale. Anandionetsa chithunzi pa foni, nkhope yosadziwika. Iyenso anavomera kuti akanakumana naye m'sitima sakanamuzindikira. Koma atandiyatsira mawu, ngakhale ine mlendo ndinati aa, uyutu ndimamumva pa TV pafupifupi tsiku lililonse.

Amalume Jere:
Hahaha ana inu mwandikumbutsa kutali. Ine ndinali ndi vidiyo sho ku Bangwe m'zaka za m'ma 1990. Deki imodzi, TV ya mainchesi 21, mabenchi a matabwa a paini, bolodi lolemba ndi choko pakhomo. Tsiku limene talemba Rambo kapena Commando tinkachita kubweza anthu. Filimu ikatha, anyamata ankagawikana panja, ena a Rambo ena a Commando, nkhani yake yoti atakumana angapambane ndani. Tsiku lina mpaka anang'ambirana malaya. Akanadziwa kuti kwinaku anthu awiriwa akugwiritsa ntchito kholingo limodzi!

Tembo wa ku Chipata:
Koma funso la mnyamatayu silinayankhidwe bwino. Schwarzenegger Chijeremani n'chake chobadwa nacho. Nanga amulembera bwanji ganyu munthu wina kuti amulankhulire chilankhulo cha amayi ake?

Nankhoma ku Leipzig:
A Tembo, nkhani yagona pa kalankhulidwe. Mkuluyo anabadwira ku Thal, kamudzi ka pafupi ndi Graz m'chigawo cha Styria. Chijeremani cha kumeneko munthu wa ku Berlin kapena Hamburg akachimva, nthawi yomweyo amaona mapiri, ng'ombe ndi bambo wachifundo wa kumudzi. Tsono taganizirani makina akupha ochokera m'tsogolo, Terminator, akutsegula pakamwa n'kumveka choncho. Anthu akanangogwa nako kuseka. Danneberg ankalankhula Chijeremani chosalala cha pasiteji, chosaulula kwawo kwa munthu, ndipo ndi chimene makutu a kuno anazolowera m'mafilimu.

Sikuti ndi lamulo ayi. Christoph Waltz, wa ku Austria yemweyo, amadzilankhulira yekha. Ndipo zinachitikapo mobwerera: Gert Fröbe, Mjeremani uja anasewera Goldfinger mu 1964, Chingerezi chake chinali chovuta moti anamuikira mawu a Michael Collins. Mukamaonera James Bond ameneyo m'Chingerezi, mawu mukumvawo si a Fröbe.

Aphunzitsi a Gondwe:
Ndawerenga zonse ndipo mundikhululukire, ine sindikuona chosangalalira. Mawu ndi theka la ekita. Stallone amalankhula mokoka pakamwa chifukwa mtsempha wa kumaso unavulala pobadwa, ndipo Rocky ndi Rocky chifukwa cha kalankhulidwe komweko. Mukachotsa zimenezo mwatsala ndi minofu basi. Anthu a ku Netherlands ndi ku Sweden amangolemba mawu m'munsi, ekita n'kumveka mmene Mulungu anamulengera, ndipo Chingerezi amachidziwa bwino chifukwa cha chomwecho.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu: amene wagwira mawu wagwira nkhani. Casablanca itafika ku West Germany mu 1952 anaidula mphindi pafupifupi 25, a Nazi onse anawachotsamo, ndipo Victor Laszlo, munthu wolimbana ndi Hitler, anamusandutsa wasayansi wa ku Norway dzina lake Victor Larsen. Ajeremani anadzaiona yathunthu mu 1975. Zaka 23 akudya nsima yopanda ndiwo osadziwa. Kodi ntchito yotere tiziiombera m'manja?

Mphwake wa Rambo:
Iii aphunzitsi, mpaka kusintha dzina la munthu?

Nankhoma ku Leipzig:
Aphunzitsi sakunama. Ngakhale Die Hard ya 1988 anaigwiragwira. Zigawenga zija m'Chingerezi ndi Ajeremani, koma kuno Hans Gruber anakhala Jack Gruber, Karl anakhala Charlie. Koma aphunzitsi, mlandu umenewo ndi wa ogulitsa filimu amene ankaopa kukhumudwitsa ogula matikiti. Wolankhulira amangopatsidwa pepala.

Kamkwamba wa pa Situdiyo:
Ndilowepo pang'ono poti ine ndimadya za maikolofoni, ndimajambula malonda a pa wailesi ku Lilongwe. Aphunzitsi, musanaipeputse ntchitoyi tamvani mmene imayendera.

Filimu amaiduladula m'tizidutswa ta masekondi ochepa. Wina amayamba wamasulira mawu onse monga alili. Kenako wolemba zokambirana amakhala pansi ndi chithunzi, kuyang'ana milomo ya ekita, n'kulembanso chiganizo chilichonse kuti chitalike mofanana ndi mpweya wa ekitayo. Povuta ndi pa p, b ndi m, chifukwa pamenepo milomo imatsekeka ndipo diso la woonera limagwira bodza msanga. Mawu atatu otchuka a Terminator aja, "I'll be back", kumeneko ndi "Ich komme wieder". Tayesani kunena pagalasi muone pamene milomo ikukumana. Sizinangochitika mwangozi.

Ndiye wolankhulira amaima m'chipinda chamdima, kutsogolo kuli chithunzi, kuseri kwa galasi kuli wotsogolera ndi wa makina, pambali pali wina amene ntchito yake ndi kuyang'ana milomo basi. Aonetsa kachidutswa kamodzi, iwe uloweze, uyambe pa sekondi yake yeniyeni, ulire ngati ekita akulira, upume wefuwefu ngati akuthamanga, koma thupi lako lisagwedezeke chifukwa malaya akangokhwekhwereza maikolofoni yatola. Ine munthu wamalonda a sopo wa masekondi 30 amanditengera ola lathunthu. Danneberg anachita zimenezi zaka zoposa 50, maudindo opitirira 1,000, ndipo ankalembanso zokambirana ndi kutsogolera anzake.

Aphunzitsi a Gondwe:
Kuti ndi ntchito yolemetsa sindikukana, a Kamkwamba. Kusema chigoba nakonso n'kolemetsa. Koma chigoba si nkhope.

Amalume Jere:
Aphunzitsi, inu ndi ine tonse ndife a ku Malawi. Chigoba chikalowa m'bwalo, amene wavala mumamufunsa dzina? Mumangoona gule.

Tembo wa ku Chipata:
Amalume mwawagwira pakhosi aphunzitsi, hahaha. Koma ine ndikufuna kudziwa za The Expendables. Muja Stallone ndi Schwarzenegger ali m'chithunzi chimodzi, akunyozana m'tchalitchi pamaso pa Bruce Willis. Ajeremani anatani pamenepo?

Nankhoma ku Leipzig:
Anakangana yekha! Mu filimu ya 2010 ija Danneberg analankhulira onse awiri, kufunsa yekha n'kudziyankha yekha. Bruce Willis anali ndi wake wa masiku onse, Manfred Lehmann. Kwa Stallone ankatsitsa mawu mpaka pansi pa chifuwa, okhakhala ngati munthu wadzuka kumene. Kwa Schwarzenegger ankawasiya oyera, olimba, odula mwachidule. Ambiri amene sankadziwa sanazindikire kanthu.

Koma mu Escape Plan ya 2013, mmene awiriwa akulankhulana kuyambira pakati mpaka kumapeto, anaona kuti zikhala zochuluka. Danneberg anatsala ndi Stallone, Schwarzenegger anapatsidwa Ralph Schicha. Anthu anadandaula ndithu, akuti Arnie wathu si ameneyu.

Ndipo aphunzitsi, pamenepa ndi pamene ine ndimasiyana nanu. Mukuti wolankhulira amabera ekita theka. Koma mverani John Cleese wa Danneberg, mawu okwera, othamanga, a munthu wodzikweza amene watsala pang'ono kuphulika. Kenako mverani Nick Nolte wake, ngati wameza miyala. Kenako Travolta mu Pulp Fiction. Munthu wongowerenga pepala sangachite zimenezo. Ameneyu anaphunzira zisudzo ku Berlin, ndipo chimene ankachita pa maikolofoni chinali kusewera, kungoti thupi linali la wina.

Mphwake wa Rambo:
Ndiye iyeyo nkhope yake sinaonekepo mu filimu?

Nankhoma ku Leipzig:
Inaonekapo. Mu 1967 anali mu Die blaue Hand limodzi ndi Klaus Kinski, imodzi mwa mafilimu a upandu otengedwa ku mabuku a Edgar Wallace amene Ajeremani ankawakonda kwambiri nthawi imeneyo. Ankaonekanso pa TV. Ndiye m'ma 1980 analowa m'mafilimu a asilikali aganyu otsogoleredwa ndi Antonio Margheriti wa ku Italy: Code Name: Wild Geese ya 1984, muli Lewis Collins, Lee Van Cleef ndi Kinski yemweyo, kenako Commando Leopard ya 1985. Choseketsa n'chakuti Manfred Lehmann analinso momwemo. Ndiye mu nkhalango imodzi munali mawu a Rambo ndi mawu amene anadzakhala a Bruce Willis, onse atanyamula mfuti, koma palibe mwa iwo amene anali ekita wamkulu.

Amalume Jere:
Dikirani kaye. Mafilimu a mtundu umenewo, a helikopita ndi milatho yophulika, ndiwo tinkaika masana pamene tepi ya Rambo tabwereketsa. Mwina munthuyu ndinamuonetsapo ku Bangwe ana n'kumakuwa kuti "ameneyo afa, si ekita", osadziwa kuti akunyoza Rambo wa dziko lina.

Aphunzitsi a Gondwe:
Apo ndiye mwandithandiza, a Nankhoma. Pamaso pa kamera sanapite patali. Kodi si kuti anathawira kumdima poti kuwala kunamukana?

Kamkwamba wa pa Situdiyo:
Kapena anapeza pamene mphatso yake inali. Nkhope imakutsekera pa udindo umodzi, aphunzitsi. Stallone sangasewere John Cleese ngakhale mutamulipira bwanji. Danneberg anasewera onse awiri, mwina sabata imodzi.

Mai a Tadala ku Joni:
Ndangolowa kumene, ndawerenga kuchokera pamwamba. Palibe amene wakamba za Terence Hill mokwanira, pamene kwathu bambo anga malemu ankafa naye ameneyo ndi mnzake wonenepa uja Bud Spencer. Ndipo mlamu wanga amene anakwatiwa ku Germany amati kumeneko awiriwa amawakonda kuposa ku Italy kwawo. Chifukwa chiyani?

Nankhoma ku Leipzig:
Mai a Tadala, mwafika pokoma. Yankho lake ndi Rainer Brandt, amene anamwalira mu 2024. Iyeyu anali wolankhulira komanso wolemba zokambirana, ndipo anali ndi khalidwe loti akaona kuti filimu ndi yozizira, ankataya zomwe zinalembedwazo n'kulemba zake. Anatchuka ndi The Persuaders, sewero la pa TV la Tony Curtis ndi Roger Moore. Ku America silinayende, koma litafika pa wailesi ya kanema ya kuno ya ZDF mu 1972 ndi dzina loti Die 2, dziko lonse linkaseka. Ankapeka mawu oti mulibe m'dikishonale, ankaika nthabwala pamene ekita wapereka nkhongo ku kamera poti milomo sikuoneka, nthawi zina ekita ankachita kunena za wailesi imene ikuonetsa seweroyo. Kalankhulidwe kameneka anakapatsa dzina loti Schnodderdeutsch, Chijeremani cha pakamwa posasamala.

Mafilimu ambiri a Spencer ndi Hill anadutsa m'manja mwa Brandt, ndipo pakamwa pa Terence Hill panali Danneberg. Mawu opepuka, achipongwe, a mnyamata amene akukumwetulira uku akukubera chipewa. Mpaka lero anthu akuluakulu kuntchito kwathu amaponyerana mawu a m'mafilimu amenewo pa nthawi ya khofi. Ndipo Hill nayenso Chijeremani amachidziwa, mayi ake anali a ku Dresden, ndipo ali mwana anakhalako ku Lommatzsch, kuno ku Saxony komwe ndili. Koma Ajeremani Terence Hill amene amamudziwa ndi wa mawu a Danneberg.

Mphwake wa Rambo:
Ndiye Brandt ameneyu ndi chimodzimodzi anyamata athu omasulira mafilimu m'Chichewa! Ekita wa ku China akungoyang'ana kumwamba, womasulira n'kuti "koma ndiwo za lero abale".

Tembo wa ku Chipata:
Ndimafuna kunena zomwezo. Ma CD amenewo amafika mpaka kuno, ndipo ana amasankha filimu poona kuti wamasulira ndani, osati kuti muli ekita uti.

Kamkwamba wa pa Situdiyo:
Mzimu wake ndi umodzi, kachitidwe n'kosiyana. Athuwa munthu mmodzi amalankhulira onse, amuna, akazi ndi agalu omwe, amatsitsa mawu enieni n'kulankhula pamwamba, amafotokozanso zimene zikubwera. Milomo alibe nayo ntchito. Ajeremani aliyense ali ndi womulankhulira wake, ndipo cholinga n'choti uiwale kuti pali munthu wachiwiri. Athuwa amafuna uwamve iwowo. Danneberg ankafuna asowe. Brandt ndiye anali pakati, mwendo wina uku wina uku.

Aphunzitsi a Gondwe:
Ndipo onsewo ndimawadandaula mofanana. Mdzukulu wanga anandifotokozera filimu ina imene ine ndinaionera m'Chingerezi, ndinachita kufunsa ngati tikukamba filimu imodzi. Komabe ndivomere chimodzi. Mayi ake a ana anga sawerenga msanga, mawu a m'munsi amawathawa. Tsiku loyamba kuwaona akuseka filimu yakunja mpaka misozi linali la filimu yomasulira. Ndinakhala chete.

Mai a Tadala ku Joni:
Nanga ndalama? Munthu wolankhulira Rambo ndi Terminator ayenera kuti anali mpondamatiki.

Nankhoma ku Leipzig:
Ayi ndithu, si za Hollywood. Amalipidwa kandalama kobwerera ku situdiyo, kuonjezapo pa kachidutswa kalikonse kamene ajambula. Filimu ipindule mamiliyoni kapena igwe, zako n'zomwezo. Otchuka amakambirana mtengo wawo, ndipo ambiri amadalira malonda a pa TV ndi kuwerenga mabuku omvera, zimene Danneberg ankachitanso. Marcus Off, amene analankhulira Johnny Depp m'mafilimu atatu oyamba a Pirates of the Caribbean, anatengera nkhaniyi kukhoti kuti zimene analandira sizikugwirizana ndi phindu la mafilimuwo. Mu 2012 khoti lalikulu la apilo la dziko lino linagamula kuti ntchito ya wolankhulira ekita wamkulu si kanthu kakang'ono kongoonjezera. Mu filimu yachinayi anali atamuchotsa kale n'kuika David Nathan, koma yachisanu anamubwezera.

Amalume Jere:
Tsono Danneberg atamwalira, Rambo anakhala wosalankhula?

Nankhoma ku Leipzig:
Anasiya ntchito asanamwalire, amalume, cha mu 2019, thanzi litavuta. Ndipo apa pali kankhani kokoma. Rocky woyamba ndi wachiwiri sanali wa Danneberg. Ankamulankhulira Jürgen Prochnow, amene anadzatchuka ngati kapitao wa sitima yapansi pa madzi mu Das Boot ya 1981 n'kupita ku Hollywood. Danneberg ndiye anali mu Rocky III ndi Rambo woyamba mu 1982, n'kupitirira zaka zoposa 30. Atadwala, anakaitananso Prochnow yemwe uja, ali nkhalamba, kudzalankhulira Stallone mu Creed II ndi Rambo: Last Blood. Schwarzenegger mu Terminator: Dark Fate anapatsidwa Bernd Egger, amene mawu ake amayandikira kwambiri a Danneberg.

Mnzanga wa kuntchito uja anapita kukaonera Last Blood. Akuti Prochnow anachita bwino, palibe pomudzudzula, koma iye mphindi 20 zoyamba ankangoona ngati mlendo wavala jekete la bambo ake.

Tembo wa ku Chipata:
Masiku ano si angotenga mawu ake akale n'kuwapatsa kompyuta?

Kamkwamba wa pa Situdiyo:
Zayamba kale kumeneko. Pali kachidole ka m'sewero la ana la pa TV kotchedwa Pumuckl, kamene ankakalankhulira Hans Clarin, anamwalira mu 2005. Mu 2023 anapanga magawo atsopano: Maximilian Schafroth ndiye anasewera mawuwo, kenako kompyuta inawasandutsa kuti amveke ngati a Clarin, banja lake litavomera. Onetsetsani kuti pansi pake panali munthu wamoyo amene anasankha popumira, pokwezera ndi posekera. Makina anangovekapo khungu. Chimene olankhulira a kumeneko akulimbana nacho panopa n'choti mawu awo asamaphunzitsidwire makina iwo osavomera, osalipidwa.

Aphunzitsi a Gondwe:
Pamenepo ndiye ndili mbali yawo. Ngati ekita wanga ayenera kuberedwa mawu, bola amubere munthu.

Nankhoma ku Leipzig:
Hahaha aphunzitsi, tikulembani kuti mwagonja theka.

Aphunzitsi a Gondwe:
Kotala.

Mphwake wa Rambo:
Ndabwerako. Ndakapeza kachidutswa ka m'tchalitchi kaja m'Chijeremani, ndamvera katatu maso ali chitsinzire. Chilankhulo sindikumva ngakhale liwu limodzi, koma ndikulumbira ndikumva anthu awiri odana. Kachitatu pokha ndi pamene ndagwira kena kake pamene onse akutsitsa mawu kumapeto kwa chiganizo, mofanana ndendende.

Amalume Jere:
Tanditumizira kuno mphwanga, koma ukadule kakhale kakafupi, bandulo yanga yatsala pang'ono. Pali mmodzi mwa anyamata anang'ambirana malaya aja, pano ndi dikoni ku tchalitchi kwathu. Ndikufuna ndikamumvetsere Lamulungu tikaweruka.